Kulira kwa M'chingwe

Tamanda ndi Yohane, ana anga. Mwandifunsa kangapo chifukwa chimene ndinasiyira ntchito msanga anzanga akadali m'maofesi, ndipo mayi anu amakuyankhani kuti bambo anu anatopa. Sindinatope ine. Ndinatuluka pakhomo la ntchito mphamvu zikadalipo, mtima ukuwira, ndipo mpaka lero sunazizire. Ndalemba izi kuti mumve kwa ine, musadzamve kwa anthu a pamsika wa Namitete amene amathira mchere pa nkhani iliyonse. Za ubwana wanga ku Nambuma ndazilumpha dala. Mulibe chachilendo, ndinkaweta mbuzi ngati mwana wina aliyense.

Mpingu, titangolowa m'matipate

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kwa a Chadza, bambo wina wa pa Mpingu amene ankabwereketsa masipika. Inali nthawi ya phokoso imeneyo. Zipani zinali zitangobadwa, chilichonse chikufuna kukuwa kuposa chinzake, ndiye munthu wokhala ndi masipika ndi jenereta sankagona ndi njala. A Chadza sankasankha mtundu wa nsalu. Lero tili pa msonkhano wa chipani ichi, mawa tili kwa adani awo, Loweruka ku ukwati, Lamulungu ku chitsitsimutso. Ine ndinalowa ngati wonyamula katundu. Za malipiro musandifunse, munthu ameneyu anali wouma manja zedi. Koma makutu anali nawo, Mulungu awakhululukire zina zonsezo. Tikamanga zida pabwalo, iwo ankaima chapatali, mutu atapendeketsa, n'kukuwa, "Iwe Mbewe, sukumva?" Ine n'kuti sindikumva kanthu, bwana. "Makutu akowo ndi okolekapo chipewa eti? Kukulira uko!" Ndikatchera bwino, ndithu, pansi pa nyimbo pankakhala kakulira kena kosalekeza. Ankandiuza kuti ndikamva zotere ndisathamangire kunyoza maiki kapena woimba, ndiyambe ndafufuza kumene magetsi achokera ndi njira imene adutsa. Ankandikoketsa zingwe padzuwa, cha magetsi uku, cha maiki uko, zisakhudzane ngakhale pang'ono. Ndinakhala nawo zaka zingapo ndikutukwanidwa tsiku ndi tsiku. Pochoka ndinali ndi nsapato zomwe ndinalowa nazo, koma makutu anali atatseguka.

Namitete, zaka za makaseti

Kenako bungwe lina la mipingo linatsegula kasitudiyo pa Namitete. Dzina lake sinditchula, munali anthu ena abwino. Ntchito yake inali kujambula makwaya akumidzi n'kumatumiza nyimbozo ku wailesi, kumene zinkaulutsidwa Lamulungu masana. Anandilemba ntchito, n'kundipatsa njinga yamoto ndi makina ojambulira pa kaseti oyendera mabatire a tochi. Zimenezo ndiye zinali zaka zanga zokoma. Ndinafika ku Kabudula, ku Chiwamba, kwathu ku Nambuma, m'matope ndi m'fumbi momwe. Inu ana a lero amene mumadzijambula pa foni mukamadya simungamvetse kuti kumveka pa wailesi chinali chiyani. Tsiku la kwaya yawo, mudzi wonse unkaunjikana pa wailesi imodzi, mayi wina n'kukuwa kuti uyo ndi mwana wanga, wina n'kumutontholetsa kuti timve nawo. M'mipingo ina akulu ampingo ankamunong'oneza mlaliki kuti afupikitse, anthu akapeze pulogalamu. Ine ankanditchula kuti a Mbewe a wailesi, ndipo ndikafika pamudzi nkhuku zinkaona zakuda. Kaseti inali ndi kaphokoso kake, kaja konga mvula yowaza padenga la udzu, koma magetsi a mabatire ndi odekha, salira. Changa chinali kuonetsetsa kuti m'chikwama muli mabatire ena atsopano basi.

Namitete, atabwera a Chimwala

Makaseti atayamba kutha, a wailesi analamula kuti nyimbo zizibwera zojambulidwa pa kompyuta. Nthawi yomweyo tinalandira bwana watsopano, a Chimwala, munthu wa taye ndi mafuta onunkhira, wochokera ku ofesi ina m'tauni. Za nyimbo sankadziwa, ndipo sindiwanyoza pa chimenecho, munthu sangadziwe zonse. Chimene chinkandiwawa n'chakuti sankafuna kumva. Anabweretsa laputopu imodzi ndi kabokosi kakang'ono kolumikizako maiki. Ndifotokoze bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pa kabokosi kameneka. Ntchito yake inali kulandira mawu a oimba kuchokera m'maiki n'kuwasandutsa manambala amene kompyuta imasunga. Kanalibe batire lakelake, kanalibenso pulagi ya pakhoma. Kankadya kuchokera ku laputopu, kudzera m'chingwe chomwecho chimene chinkanyamula manambala aja. Ndiye kuti m'chingwe chimodzi munkayenda zinthu ziwiri, nyimbo kupita uku, magetsi kubwera uku. Laputopu ikamayendera batire lake, zonse zinkamveka mbee, ungamve ngakhale woimba akumeza malovu. Koma ukangoilumikiza ku jenereta, litsiro la magetsiwo linkadutsa m'chaja, n'kulowa mu laputopu, n'kutsetsereka m'chingwe mpaka m'kabokosi. Zikatero m'nyimbo munkalowa kakulira kosongoka, tswiii, konga ka udzudzu uli pakhutu. Kakalowa kalowa, sungakachotse osapweteka mawu a oimba.

Ndinawafotokozera a Chimwala zimenezi. Anaseka mpaka kuvula magalasi. "A Mbewe, inu mukadali m'makaseti. Izi ndi za dijito, manambala okhaokha. Kodi nambala ingalire?" Ndinati nambala siilira, n'zoona bwana, koma mawu asanasanduke nambala amadutsa kaye m'kabokosi, ndipo kabokosiko kakamwa magetsi akuda kamalemba kulirako pamodzi ndi nyimbo. Ndinati zili ngati kuchapa malaya oyera m'madzi amatope, sopo akome bwanji malayawo sayera. "Zimenezo ndi za m'makutu mwanu," anatero, n'kubwerera ku mapepala awo. Ndinapempha chimodzi mwa ziwiri, kabokosi kokhala ndi magetsi akeake kapena batire latsopano la laputopu. Yankho linali lakuti bajeti ilibe malo. Mwezi womwewo mu ofesi mwawo munalowa kapeti ndi makatani ofika pansi. Asa!

Ndiye ndinapeza njira yanga. Laputopu ndinkaidzaza ku ofesi, kumudzi n'kukajambula ndi batire lokha. Makwaya ndinkawauziratu kuti akonzeke bwino chifukwa kubwereza nyimbo kunalibe. Poyamba batire linkakwanira kwaya yonse. Patapita nthawi linkangofika theka, moti kwina ndinkachita kubwererako tsiku lina kukamaliza. Choipitsitsa, laputopu inali yomweyo imene a Chimwala ankalemberapo malipoti opita kwa azungu otithandiza. Magetsi akazima pa Namitete, ndipo ankazima ngati pali amene amalipidwa powazimitsa, iwo ankapitiriza kulemba mpaka batire litatsala pang'ono kukomoka, kenako n'kundipatsira, "Thamangani a Mbewe, kwaya ikudikira." Ndinkaluma mano n'kunyamula, chifukwa inu munali pasukulu.

Nsaru, nyengo yachisanu

Tsiku lina ku ofesi kunabwera mayi wina wamfupi, manja akuda bii ndi utomoni wa fodya. Anati ndi mayi Muhiwa, kwawo ku Phalombe, ndipo amalima fodya ngati tenanti pa esiteti ina kuseri kwa Nsaru. Mtunda wonsewo anabwera pa njinga yobwereka, chifukwa foni anali ataigulitsa m'miyezi ya njala. Anati matenanti a pa esitetiyo, a ku Phalombe, a ku Mulanje, a ku Thyolo, anayambitsa kwaya ndipo amapemphera m'chigafa, chisakasa chija choyanikamo fodya. Ankapempha kuti tikawajambule. A Chimwala anawayang'ana kuyambira kumapazi n'kufunsa kuti ndi a mpingo uti. "Ndife osakanikirana bwana, koma tonse ndi a Mulungu mmodzi." Anawauza kuti adzabwerenso. Anabweranso, yankho lomwelo. Ulendo wina ndinawaperekeza mpaka pamsewu chifukwa manyazi anandigwira ine m'malo mwa bwana wanga.

"Bambo Mbewe, musatione ngati anthu ovuta," anatero atagwira chiwongolero cha njinga. "Fodya akangotha kugulitsidwa, lole ibwera kudzatitenga. Kwayayi ithera pomwepo. Ena apita kumudzi, koma ine sindingapite chimanjamanja, ife ndi bambo a kunyumba tikayesa pa esiteti ina, kaya kuti. Papita zaka ndisanaponde kwathu. Amayi anga ndi okalamba, maso anafa, amangokhala pakhonde ndi wailesi, ndipo pulogalamu yanu ija saiphonya. Anthu anawauza kuti mwana wanu anafera ku fodya. Akangomva mawu anga adziwa kuti ndilipo. Ndi chokhacho, bambo." Ndinabwerera mu ofesi n'kuwakakamira a Chimwala ngati nkhupakupa mpaka anavomera, mwina pofuna kuti ndiwasiye apume.

M'mawa wa tsiku lopita ku Nsaru magetsi anazima. Ndikulowa mu ofesi, ndinapeza a Chimwala ali pa laputopu, zala zikuthamanga. Ndinati bwana, imeneyo ndinaidzaza dzulo chifukwa cha matenanti aja. "Lipoti ili likufunika lero," anayankha osadzutsa mutu. "Tengani jenereta. Inagulidwira chiyani?" Ndinaima pamenepo ngati chitsa mpaka anamaliza. Ndinamangirira kajenereta kathu kumbuyo kwa njinga n'kunyamuka, mtima uli m'mwamba.

Ndinapeza chigafa atachisesa bwinobwino. Fodya anali atachoka kale pa mikangala yomupachikapo, kutsala fungo lokha. Yunifolomu analibe. Amayi anagwirizana kumanga mipango yoyera, ina ikuoneka kuti yadulidwa ku nsalu imodzi, abambo atachapa malaya awo ovala popita ku okushoni ya fodya. Atayamba kuyeserera, thupi langa lonse linachita tsemwe. Ndajambula makwaya ambiri ine, a mayunifolomu ositidwa ndi makiyibodi, koma kuimba kwa anthu amenewa kunali kwina. Mayi Muhiwa ankayambitsa ndi mawu okhuthala, otsika, ena onse n'kuvomera, mwina m'Chichewa mwina m'Chilomwe, ndipo denga la udzu lija linkawafungatira mawuwo osawabweza. Ndinaimika maiki, ndinavala mahedifoni, ndinakweza dzanja kuti ayambe. Nyimbo yoyamba isanafike n'pakati pomwe, laputopu inathima. Iwo anapitiriza kuimba osadziwa kanthu, maso ali kumwamba, ine ndikuyang'ana galasi lakuda.

Ndinaliza jenereta kuti ndichaje kaye kenako ndizule chaja, koma kukamidwa kwa m'mawa kuja kunali kutalimaliza batire. Ndikangozula, laputopu n'kuthima nthawi yomweyo. Ndinakwera pachulu pamene pankagwira netiweki n'kuwaimbira a Chimwala. "Lumikizani jenereta mujambule, a Mbewe, musandivutitse." Ndinati ilira, bwana. "Ndati lumikizani!" Foni n'kudula. Ndinachita zonse zimene ndinkadziwa. Jenereta ndinakaibisa kuseri kwa chulu chija kuti kugunda kwa injini kusafike m'maiki. Ndinapempha khasu, n'kulikhomera pansi, n'kuthirapo madzi, n'kumangirira waya kuchokera ku kabokosi kuti magetsi osokera atsikire m'nthaka. Kung'ung'udza kwapansi kunachepa ndithu. Koma kaudzudzu kaja kanatsala, tswiii, chifukwa kankabwera m'kati mwa chingwe chenichenicho, ndipo chingwecho sungachidule, ndi mmene mukudutsa nyimbo.

Sindinafune kuwanamiza. Ndinawaitana mayi Muhiwa, n'kuwaveka mahedifoni pamwamba pa mpango, n'kuuza anzawo kuti aimbe pang'ono. Anamvetsera nkhope ili gwa. Ndinati mayi, mukukamva kakulira ako? Anati akukamva. Ndinawafotokozera kuti ndi magetsi a jenereta, ndipo tikajambula lero kakhala momwemo mpaka kalekale. Ndinati mwina tidikire tsiku lina nditapeza batire. Anavula mahedifoni n'kundiyang'ana m'maso.

"Tsiku lina liti, bambo?"

Ndinayang'ana laputopu ija, iwo n'kufunsanso.

"Kodi mawu anga akumvekabe?"

"Akumveka."

"Amayi anga angawazindikire?"

"Angawazindikire ndithu."

"Ndiye jambulani. Ife udzudzu timagona nawo."

Anaimba mpaka dzuwa linapendeka, ndipo sanalakwitse paliponse. Pochoka anandimangirira mbatata pa njinga, anthu oti chakudya chawo n'chopimidwa ndi mbale. Mayi Muhiwa anafunsa kuti zimveka Lamulungu liti. Ndinati posachedwa, ndipo ndinkakhulupiriradi choncho.

Namitete, masabata otsatira

M'mawa mwake ndinawaseweretsera a Chimwala nyimbozo pa masipika a mu situdiyo. Munthu uja ankati nambala siilira anakwinya nkhope nyimbo isanapite patali. "Ichi n'chiyani?" Ndinati ndi jenereta ija munati ndilumikize. "Ndinati mulumikize jenereta, sindinati mujambule zinthu zolira. Katswiri ndinu, si ine." Mwaona ana anga mmene mabwana amachitira? Lamulo ndi lawo, mlandu ndi wako. Ndinapempha kuti tizitumizebe ku wailesi, chifukwa pa wailesi ya kumudzi kakulirako sikangaphimbe mawu. Anakana. Anati azungu otithandiza amalandira kope ya chilichonse chimene taulutsa, ndipo iwo sangaike dzina la situdiyo pa chinthu chotere chifukwa cha matenanti opanda ndi mpingo womwe. Analonjeza kuti batire latsopano aitanitsa, tidzapitanso kukajambula bwino. Sabata inatha. Ndikafunsa, ankati fomu ili ku likulu. Inanso inatha. Makwaya ena tinawaimitsa, koma iwo anali pamidzi pawo, sankapita kulikonse. Amene nthawi inkawathera anali a ku Nsaru okha.

Mayi Muhiwa anabweranso pa njinga ija. Anati anatuma kale munthu wopita ku Phalombe kuti akawauze amayi awo azitchera khutu Lamulungu lililonse. Anatinso mabelo omaliza apita ku okushoni, lole ikhoza kubwera tsiku lina lililonse. A Chimwala sanatuluke n'komwe mu ofesi kudzawapatsa moni. Atapita mayiwo, ndinalowa ndi pempho lina. Ndinati bwana, za wailesi zalephereka, chabwino. Ndiloleni ndikopere nyimbozi pa kakhadi kaja kolowa m'foni ndi m'mawailesi a masiku ano, ndikawapatse. Anzawo opita kumudzi akawapititsira amayi awo, gogoyo akamve mwana wake. Sitiluzapo kanthu.

"Kakhadi kakatuluka pano kazungulira m'mashopu onse okopera nyimbo kuyambira pa Nsaru mpaka m'tauni," anatero. "Anthu azidzati iyi ndiye ntchito ya situdiyo ya a Chimwala. Ayi. Ndanena kuti tidzajambulanso."

"Tidzajambula ndani, anthu atapita?"

"Matenanti satha, a Mbewe. Chaka chamawa kubwera ena." Kenako anatsamira pa mpando wawo wozungulira uja. "Ndipo mumve bwino. Nyimbo zimenezo zikatuluka pakhomo pano, inunso mutuluke nazo."

Matenanti satha! Mawu amenewo mpaka lero amandiwotcha pamtima. Kunyumba ndinawauza mayi anu zonsezi. Musawaweruze, anayankha ngati mayi wa ana. "Mukufuna tidzadye nyimbo? Tamanda ali fomu folo, Yohane akufuna nsapato. Mayi ameneyo ndi mbale wanu?" Ndinati si mbale wanga. "Ndiye dikirani batirelo, bwana walonjeza." Ndinadikira, monga mmene wantchito aliyense wokhala ndi ana amadikirira. M'mawa uliwonse ndinkafunsa za batire, m'mawa uliwonse fomu inali ku likulu. Tsiku lina dalaivala wina wa matola a ku Nsaru anandiuza pa depoti kuti malole ayamba kutulutsa matenanti m'maesiteti a kumeneko. Ndinabwerera ku ofesi osagula n'zomwe ndinapitira.

Sindinabe ayi, zimenezo muzidziwe. Ndinalowa mu ofesi ya a Chimwala masanasana, iwo ali pompo, magetsi akuyaka. Ndinakoka laputopu patebulo pawo, ndinalowetsa kakhadi kogula ndekha, n'kukopera nyimbo zonse akuona. Anaimirira. "A Mbewe, mukudziwa chimene mukuchita?" Ndinati ndikudziwa bwana, ndikumaliza ntchito imene munandituma. Anayamba kukuwa za mwambo wa pantchito, za komiti, za penshoni yanga. Ine ndinatulutsa makiyi a njinga yamoto ndi a situdiyo n'kuwaika pa lipoti lawo. Ndinaponda kapeti uja komaliza ndi nsapato zanga zafumbi n'kutuluka. Ndinadutsira kunyumba kukatenga kawailesi kanga kolowa khadi, kuti anthuwo akadzimvere okha kakhadiko kasanapite ku Phalombe. Mayi anu atandiona ndilibe njinga, anangokhala pansi pakhonde.

Nsaru, malonda a fodya atatha

Ndinakwera matola mpaka pa Nsaru, kuchoka apo kabaza. Njira yonse ndinkadziuza kuti pa esiteti imeneyi mwina lole sinafike. Titakhota pa mabulugamu a pachipata, mtima unagwa. Panalibe utsi ngakhale pa nyumba imodzi. Tinyumba ta matenanti tinali pululu, zitseko za udzu zili chotsegula, mafuwa ali poyera, phulusa litazizira. M'chigafa muja munali mbuzi. Ndinaima pakati pa bwalo, kawailesi kali m'manja, wakabaza akundiyang'ana ngati ndasokonezeka mutu.

Kunatulukira bambo wina wamtali, kapitawo wa pa esitetiyo, amene ndinamuona tsiku lojambula lija ataima kunja kwa chigafa. Anandizindikira. "Aa, a wailesi! Mwachedwa achimwene. Lole inawatenga dzana." Ndinafunsa za mayi Muhiwa. Anati iwo ndi amuna awo sanali m'gulu lopita kumudzi, ankati akatsika panjira kukafuna malo kwa mabwana ena, kaya cha ku Mchinji kaya cha ku Kasungu, iye sanafunse. Ndinafunsa mudzi wa amayi awo. Anapukusa mutu. "Amenewa amangoti Phalombe. Phalombe ndi yaikulu, achimwene." Tinakhala pa chipika pafupi ndi chigafa. Anandiuza kuti kuyambira tsiku lija, Lamulungu lililonse masana kwaya yonse inkabwera pakhomo pake, chifukwa wailesi yamphamvu inali yake yokha. Amayi ankamanga mipango yoyera ija ngati akupita kukaimba. Ankamvera pulogalamu yonse mpaka kumapeto, kenako mayi Muhiwa n'kunena kuti basi, ndi Lamulungu likubwerali, a Mbewe si munthu wabodza.

Ndinali nditapsa mtima, ndipo woti ndimukalipire anali kutali, pa mpando wozungulira. Kapitawo uja analoza kawailesi. "Ndiye zili m'menemo? Tatiyikireni timve, poti mwabwera kale." Ndinalowetsa kakhadi n'kutsegula. Mawu a mayi Muhiwa anatuluka, okhuthala, otsika, anzawo n'kuvomera. Mbuzi zinadzutsa mitu. Wakabaza anatsamiritsa njinga pamtengo n'kusendera pafupi. Kapitawo anayamba kumwetulira, chala chili m'mwamba. "Ndi iwowo ndithu! Awo ndi mayi Muhiwa. Uyo wa mawu ang'ono ndi mkazi wa Likaka. Imvani besi iyo, ndi mdala Sitolo ameneyo, wa chifuwa uja!" Anawatchula mmodzimmodzi, osaphonya. Nyimbo itatha anapukuta m'maso ndi chipewa n'kunditembenukira.

"Nanga zinthu zabwinobwino chonchi, bwanji simunaziike pa wailesi?"

Ndinati bwana wanga anakana chifukwa muli kakulira ka magetsi. Anadabwa. Ananyamula kawailesi, n'kukagunditsa kukhutu, nyimbo yachiwiri ikuyamba. Anamvetsera nthawi yaitali, diso limodzi atatsinzina.

"Eya, kakumveka chapatali, ngati kaudzudzu." Anatsitsa kawailesi n'kundiyang'ana. "Ndiye kameneka basi?"

"Kameneka basi," ndinayankha.